Windows Server ikapanda kuona ma disiki

Anzanga amene mukuika Windows Server 2022 pa seva ya RAID (njira yophatikiza ma disiki angapo kuti azigwira ntchito ngati imodzi): mukafika posankha disiki n'kupeza pali mbee, musathamangire kunena kuti ma disiki afa. Kawirikawiri chosowa ndi dalaivala (pulogalamu yothandiza Windows kuzindikira chipangizo) ya controller, chipangizo choyendetsa ma disikiwo, kaya ndi PERC ya Dell kapena Smart Array ya HPE.

Koma yambani mwaona ngati virtual disk, disiki imene controller imapanga kuchokera ku ma disiki enieni, munaipanga. Pa Dell dinani F2 poyatsa, mulowe mu Device Settings. Ine ndinataya masana athunthu ndikusinthasintha ma flashi, kumachita kutukwana makina, chonsecho RAID sindinaikonze n'komwe.

Dalaivala itengeni pa webusaiti ya wopanga seva, yogwirizana ndi nambala yeniyeni ya controller yanu, osati yongofanana dzina. Nthawi zambiri imabwera ngati .exe, ndipo Setup, pulogalamu yoikira Windows, siiona imeneyo. Imasuleni kaye pa kompyuta ina mpaka muone mafayilo a .inf, .sys ndi .cat ali m'foda imodzi. Foda yonseyo ikopereni pa flashi, musasankhepo .inf yokha, Setup ikana. Kenako posankha disiki paja dinani Load driver, Browse, lozani fodayo, disiki ija itulukira. Onetsetsani kukula kwake musanadine Next, chifukwa flashi nayonso imatha kuoneka pamndandandapo.

Ngati ma seva ndi ambiri, zoyenda ndi flashi n'zotopetsa. Lowetsani dalaivala m'mafayilo awiri oikira Windows: mu boot.wim, index 2 (gawo la Setup), komanso mu install.wim, pogwiritsa ntchito lamulo la DISM /Add-Driver. Mukaiwala install.wim, Setup iyenda bwinobwino koma seva ikhoza kukana kudzuka n'kuonetsa uthenga wakuti INACCESSIBLE_BOOT_DEVICE.