Kufananitsa zipembedzo popanda kukanganitsa anthu

Ndimaphunzitsa ana a sekondale kuno ku Mchinji. M'kalasi mwanga muli Akatolika, a CCAP, a Seventh Day, a mipingo ya pentekositi, Asilamu angapo, ndi ena amene kwawo gule ndiye wamkulu ngakhale pa fomu amalemba dzina la mpingo. Aphunzitsi anzanga ena amauzemba mutu wofananitsa zipembedzo, ati umadzutsa phokoso. Phokosolo limachokera pa kayambidwe. Mukangoyamba ndi funso lakuti chipembedzo choona ndi chiti, ntchito yanu tsiku limenelo ikhala yoleretsa ndewu. Njira ndikufotokozayi ingathandizenso wotsogolera gulu la achinyamata, kapena kholo limene mwana wake wakwatiwa kubanja la chipembedzo china ndipo likufuna kuwamvetsa asewere ake.

Musanatsegule buku lililonse, gwirizanani chinthu chimodzi: chiphunzitso chiziyerekezedwa ndi chiphunzitso, khalidwe ndi khalidwe. Chinyengo chofala n'chakuti munthu amatola vesi lokoma la m'buku lake n'kuliyika pambali pa zochita za chigawenga cha chipembedzo cha mnzake. Mwana akabweretsa nkhani ya shehe wakuba, ndimamufunsa ngati sanamvepo za m'busa wodya ndalama zomangira tchalitchi. Amaseka, nkhaniyo n'kuthera pomwepo.

Kenaka apatseni chithunzi cha dziko mwachidule, chifukwa ana ambiri amaganiza kuti padziko pali tchalitchi ndi mzikiti basi. Akhristu ndi oposa 2 biliyoni, Asilamu ali pafupifupi 2 biliyoni, Ahindu ndi oposa 1 biliyoni ndipo ambiri ali ku India. Abuda amatsatira Siddhartha Gautama, wobadwira ku Lumbini m'dziko la Nepal zaka pafupifupi 500 Yesu asanabadwe. Ayuda ndi ochepa, koma Chikhristu chinaphuka kwa iwo. Asikhi anayamba ndi Guru Nanak, wobadwa mu 1469. Kuno kwathu, kalembera wa 2018 anapeza kuti Asilamu ndi pafupifupi 14 mwa anthu 100 alionse. Pamenepa musachedwepo, manambala sasintha mtima wa munthu.

Pochedwa ndi apa. Sankhani mafunso amene mwana aliyense angakafunse agogo ake madzulo, ndipo loyamba likhale ili: kwanu mumatani naye wosauka?

Msilamu akuuzani za zakaati, imodzi mwa nsanamira zisanu za Chisilamu. Munthu amene chuma chake chafika pamlingo woikika ndipo chakhala chaka chathunthu amapereka 2.5 pa 100 iliyonse. Pa K1,000,000 ndiye K25,000. Apa ana achikhristu amadumpha, ati chakhumi chathu chikuposa. Agwireni. Chakhumi chimachotsedwa pa zomwe mwapeza, pomwe zakaati ya ndalama imachotsedwa pa zomwe mwasunga, ndipo Korani pa sura 9 ndime 60 imatchula magulu asanu ndi atatu oyenera kulandira, kuyambira osauka. Pa zokolola nkhani ndi ina: munda wothiriridwa ndi mvula umapereka gawo limodzi mwa khumi, wothirira ndi mphamvu zako theka lake. Ndimawauza awerengere mlimi wa ku Mkanda amene wakolola matumba 50 a chimanga. Yankho ndi matumba asanu, ndipo mwana amene amayi ake anasenza masika kupita nawo ku tchalitchi amaona yekha kuti katundu ndi yemweyo.

Pa Ayuda tsegulani Levitiko 19, ndime 9 ndi 10: pokolola usamalize m'mphepete mwa munda, usatolenso zogwa, uzisiyire wosauka ndi mlendo. Ndi lamulo limeneli limene linadyetsa Rute m'munda wa Boazi. Kuno sindivutika kulifotokoza. Mtedza ukakumbidwa, amayi ndi ana amalowa m'munda wa mwini ndi timakasu ndi mabeseni kukakunkha, ndipo mwini munda amene angawathamangitse mudzi wonse umamunena. Asikhi ali ndi khitchini pakachisi wawo aliyense yotchedwa langar, pomwe aliyense amadya ulere atakhala pansi mofanana, wolemera ndi wosauka. Yaikulu kwambiri ili ku Amritsar, ku India. Ku Thailand amonke achibuda amayenda m'mawa ndi mbale, anthu n'kumawaikira mpunga. Makolo athu anangoti kupatsa n'kuika.

Funso lachiwiri ndi la maliro, ndipo ili limaonetsa kusiyana ndi kufanana nthawi imodzi. Asilamu amasambitsa mtembo, kuukulunga m'nsanda yoyera, n'kuuika msanga, nthawi zambiri tsiku lomwelo, nkhope italoza ku Mecca. Ayuda nawo sachedwa kuika, kenaka abale amakhala pakhomo masiku asanu ndi awiri akulandira opepesa. Ahindu amawotcha mtembo, ndipo ambiri amafunitsitsa kuti phulusa likathiridwe mumtsinje wa Ganges. Ana akamva zowotchazo amagwira pakamwa. Alekeni adabwe, kenaka afunseni kuti Mhindu angamve bwanji atamva kuti ife timagoneka thupi mpaka wachibale wa ku Joni afike. Akatha kudabwa afunseni ngati pali chipembedzo chimene chimamusiya wofedwa yekha. Pamaliro a pamudzi pathu, adzukulu akamakumba manda safunsana makadi a ubatizo.

Za makolo ndi zachangu: Eksodo 20:12 akuti lemekeza atate ako ndi amako, Korani pa sura 17 ndime 23 ikuletsa ngakhale kuwang'ung'udzira akakalamba, ndipo chiphunzitso cha Confucius ku China chinaika ulemu wa makolo patsogolo kwambiri. Kusala kudya nakonso: Ramadani mwezi wathunthu kuyambira m'bandakucha mpaka dzuwa kulowa, Lenti masiku 40, Yom Kippur ya Ayuda maola pafupifupi 25 osalawa ngakhale madzi.

Mabuku ambiri amayamba ndi lamulo la pa Mateyu 7:12, lakuti uchitire anzako zomwe ufuna kuti akuchitire, n'kuonetsa kuti mphunzitsi wachiyuda Hillel, mtumiki Muhammad ndi Confucius anaphunzitsa zofanana nalo. N'zoona, koma ine ndimaliika kumapeto. Likabwera poyamba ana amangoliloweza ngati ndakatulo. Likabwera atawerengera kale matumba aja, amalimva.

Tsopano chimene ndimalimbana nacho ndi anzanga: musabise kusiyana. Kunena kuti zipembedzo zonse n'chimodzimodzi kumaoneka ngati ulemu, koma ndi kupeputsa onse. Korani imamulemekeza Yesu, imamutcha Isa, imavomereza kuti anabadwa mwa namwali, ndipo sura 19 yonse ili ndi dzina la Mariya. Koma imakana kuti ndi Mwana wa Mulungu ndiponso kuti anapachikidwa. Kwa Mkhristu, mtanda ukachoka palibe chotsala. Chibuda sichiphunzitsa za Mlengi n'komwe, chikhalirecho malangizo ake asanu amaletsa kupha, kuba, chiwerewere, bodza ndi zoledzeretsa. Ahindu amakhulupirira kuti munthu amabadwanso, Asilamu ndi Akhristu akudikira tsiku la chiweruzo. Zilembeni pabolodi momwe zilili, mwini chipembedzo avomereze kuti mwamunenera bwino, musaweruze.

Musaiwale chipembedzo cha makolo ngati kuti Mulungu anafika ndi ansembe amene anatsegula mishoni ya Kachebere mu 1903. Maina a Chauta, Namalenga ndi Mphambe analipo kale, nsembe zopempha mvula zinkathiridwa, ndipo mpaka lero mwezi wa Ogasiti anthu ochokera kuno amawoloka pa Mwami kupita ku mwambo wa Kulamba ku Mkaika, ku Zambia. Koma mwana wolowa gule musamufunse za kudambwe pagulu; mufunseni zomwe anamkungwi ndi akuluakulu amalangiza pa ulemu.

Ngati mungathe, itanani eni ake adzadzinenere okha, aliyense tsiku lake, osati kuwakhazika pamodzi ngati mpikisano. Shehe musawaitane Lachisanu masana, a Seventh Day musawaitane Loweruka. Mukakonza chakudya, nkhuku achinje Msilamu, nkhumba isayandikire n'komwe, zomwe zipepukirenso a Seventh Day. Mukapita kukaona mzikiti, nsapato zitsale pakhomo ndipo atsikana atenge mipango. Wina akakayika ngati anthuwa angagwirire ntchito limodzi, mukumbutseni za bungwe la zipembedzo la Public Affairs Committee (PAC), lomwe linayamba mu 1992 Akatolika, mipingo ina ndi Asilamu ali pamodzi, n'kukambirana ndi boma la Kamuzu mpaka referendamu ya 1993.

Yang'ananinso kalendala musanaike tsiku. Ramadani imabwerera m'mbuyo ndi masiku 10 kapena 11 chaka chilichonse, choncho mwezi umene unali wabwino chaka chatha ungagwere pakati pa kusala. Zikatero, msonkhano wokhala ndi chakudya uikeni dzuwa litalowa kuti anzanu afuturu nanu limodzi, kapena dikirani Idi idutse.