Maso Akayamba Kuchita Chidima, Musangoti ndi Ukalamba

Munthu akamafika zaka 40, zinthu zapafupi zimayamba kumuvuta kuona. Mayi amalephera kulowetsa ulusi pa singano, bambo amachita kutambasula mkono kuti awerenge uthenga wa pa foni. Palibe wakulodzani. M'kati mwa diso muli kagalasi kofewa kamene kamauma pang'onopang'ono zaka zikamapita, ndipo thandizo lake ndi magalasi owerengera basi. Ambiri amayambira pa mphamvu ya +1.00 n'kumakwera mpaka cha m'ma +3.00. Zoti magalasi amaononga maso n'zabodza. Mwana amene amatsinzinira poyang'ana pa bolodi, kapena amangokopera kwa mnzake, nayenso mukamuyezetse musanamunene kuti ndi mbuli.

Magalasi a pamsika aja amathandizadi ena kuwerenga, sindikutsutsa. Koma wogulitsa sayang'ana m'kati mwa diso lanu, pamene matenda awiri amene amachititsa khungu akuluakulu ambiri kuno kwathu amabisala m'katimo.

Oyamba ndi ng'ala. Kagalasi kaja kamachita mbuu, munthu n'kumaona ngati kunja kwagwa nkhungu ya m'mawa imene sikuchoka. Dzuwa limamuthobwa, nyali za galimoto usiku zimamusokoneza, kenako pakati pa diso pamaoneka poyera. Sizipweteka, n'chifukwa chake agogo amangokhala pakhonde zaka ndi zaka, mdzukulu n'kumajomba kusukulu kuti aziwatsogolera ndi ndodo. Zimenezi zimandimvetsa chisoni, chifukwa ng'ala imachizika. Palibe mankhwala odontheza kapena zitsamba zimene zimaisungunula, koma opaleshoni yake ndi yaifupi, kawirikawiri siposa theka la ola. Munthu sagonekedwa tulo, amangochititsa dzanzi disolo, n'kuchotsa kagalasi koonongeka n'kuikapo kena kochita kupanga. Diso salichotsa m'mutu monga amanenera anthu pa chitsime. Mawa lake akamatula bandeji, ambiri amayamba kuzindikira nkhope za abale awo. Musadikire kuti mpaka asiyiretu kuona. Ng'ala ikangoyamba kuwalepheretsa kulima, kuphika kapena kuyenda okha, nthawi yakwana.

Achiwiri ndi oopsa kwambiri, achipatala amawatcha glaucoma. Madzi a m'diso satuluka bwino, diso limathina m'kati, ndipo mtsempha wotumiza zimene taona ku ubongo umafa pang'onopang'ono. Kuona kumayamba kutha cham'mbali, pakati pakuonekabe bwinobwino, moti munthu amadzadzidzimuka atayamba kugunda mafelemu a zitseko kapena kusaona njinga yochokera pambali. Apa zimene zatayika sizibwereranso, ngakhale ndi opaleshoni. Chimene madokotala angathe ndi kuteteza kuona kumene kwatsala, ndi mankhwala odontheza tsiku lililonse monga timolol, kapena opaleshoni yotsegulira madziwo njira. Anthu akuda matendawa amatigwira msanga, ndiponso amayenda m'magazi. Ngati bambo, mayi kapena m'bale wanu anachita khungu diso lake lisanayere, musadikire chizindikiro: kayezetseni, ndipo mukapemphe kuti akuyezeni kuthina kwa diso. Amene mwapatsidwa kale mankhwala, botolo likatha musasiye poti simukumva kupweteka.

Odwala shuga, kamodzi pa chaka adokotala a maso aziona kumbuyo kwa diso lanu, chifukwa shuga amaphulitsa timitsempha ta kumeneko mwakachetechete.

Tsopano za diso lofiira. Mu 2024 nthenda ya maso ofiira ija, imene inayambira cha ku Karonga n'kufalikira m'maboma ambiri, inationetsa zimene anthu amathira m'maso: mkodzo, mkaka wa m'mawere, madzi a shuga, timadzi ta masamba. Nthenda yotere nthawi zambiri imatha yokha pakapita sabata imodzi kapena ziwiri, bola muzisamba m'manja ndi sopo, osabwerekana kansalu kopukutira kumaso, ndipo manthongo muzipukuta ndi madzi owiritsa atazizira. Chimene chimapha diso ndi zothirazo. Mkodzo utha kulowetsa chinzonono m'diso, ndipo chinzonono chimaboola diso m'masiku ochepa. Samalaninso ndi mankhwala odontheza ogula popanda kulemberedwa. Ena mwa iwo, monga dexamethasone, amaziziritsa kuyabwa msanga, koma akagwiritsidwa ntchito nthawi yaitali amabweretsa ng'ala ndi glaucoma, ngakhale kwa mwana, ndipo pa diso la chilonda amakulitsa chilondacho.

Alimi, nyengo yokolola ndi yopuntha ndi imene maso ambiri amavulala. Tsamba la chimanga kapena mankhusu a mpunga zikakukandani m'diso, musatikite ndipo mnzanu asachotse chitsotso ndi lilime kapena kamtengo. Tsukani ndi madzi oyera ambiri. Mukadzuka mawa lake diso likupwetekabe, likuopa kuwala, kapena paoneka kadontho koyera, nyamukani tsiku lomwelo. Mankhwala opopera mbewu, laimu kapena simenti zikagwera m'diso, thirani madzi mosalekeza kwa mphindi zosachepera 15 musananyamuke. Khanda lotupa zikope n'kumatuluka mafinya, ndiponso mwana amene pakati pa diso pakuoneka poyera, amenewo ndi a kuchipatala lero lomwe.

Yambirani pa chipatala chaching'ono cha kwanuko kapena kwa alangizi a zaumoyo, akutumizani ku chipatala cha boma kumene kuli wa zamaso. Zofuna opaleshoni amazitumiza ku zipatala zikuluzikulu: Queen Elizabeth ku Blantyre, kumene kuli chipatala cha maso cha Lions, Kamuzu Central ku Lilongwe, Zomba ndi Mzuzu, komanso chipatala cha mishoni cha Nkhoma. Popita tengani buku lanu la kuchipatala, magalasi akale, ndi botolo la chilichonse chimene mwakhala mukudontheza. Mupitenso ndi wokuperekezani, chifukwa mankhwala amene amathira pofuna kuona m'kati mwa diso amachititsa chidima kwa maola angapo.