Mmene mungawerengere Henry Fielding osaphonya nthabwala zake

Anzanga a kuno ku Joni amene mukufuna kudziwa kumene novelo ya Chingerezi inachokera, musayambire pa Tom Jones wa 1749, novelo ya wolemba wa ku England Henry Fielding. Ndi buku lalikulu, la zigawo 18, ndipo mudzalisiyira panjira.

Yambani ndi Pamela wa Samuel Richardson, wa 1740. Bukuli linalembedwa ngati makalata, ndipo angapo oyamba akukwanani, chifukwa amatopetsa. Pamela ndi mtsikana wantchito ya m'nyumba, abwana ake akumufuna, iye akukana mpaka abwanawo akumukwatira. Ife amene tagwirapo m'nyumba za eni ku Randburg kapena Mayfair sitifunikira wotimasulira nkhani imeneyi.

Kenako tengani Shamela wa 1741, yemwe mungamumalize madzulo amodzi. Fielding akuonetsa mtsikana yemweyo ngati tambwali amene akukana dala kuti mtengo ukwere. Mukapanda kudziwa Pamela, simudzaseka ngakhale pamodzi.

Mukatero mwakonzekera Joseph Andrews wa 1742, ndipo kwa ine apa ndi pamene pali nyama. Joseph ndi mchimwene wa Pamela, wachotsedwa ntchito ku London chifukwa chokana adona ake, Lady Booby, ndiye akubwerera kumudzi wapansi, nakumana panjira ndi abusa Adams, munthu wabwino koma woiwalaiwala. Mukafika pamene achifwamba amusiya wamaliseche mu dzenje, werengani mosathamanga. Ngolo ikufika, olemera onse akumumana chofunda, amene akumuvulira jasi ndi mnyamata wosauka woyendetsa mahatchi, yemwe wolembayo akutiuza mongodutsa kuti pambuyo pake anapirikitsidwa m'dziko chifukwa choba nkhuku. Fielding akamayamikira munthu ndi mawu okoma kwambiri, kayikirani, nthawi zambiri akumunyoza.

Dziwaninso kuti anali wolemba masewero, mpaka lamulo la 1737 linaletsa kuonetsa sewero boma lisanavomereze. Ndicho chifukwa anthu ake amakangana ngati ali pa siteji. Werengani zokambirana zawo mokweza, ngakhale anzanu a pa chipinda akudabweni.

Mabuku onsewa ndi aulere pa intaneti, pa tsamba la Project Gutenberg. Tsitsani pa foni pomwe pali Wi-Fi, muziwerenga mu basi ya Rea Vaya. Ziganizo za Fielding ndi zazitali, choncho pezani kaye mneni wamkulu, zinazo zitsatira. Tom Jones mumusungire tchuthi cha Disembala, mu basi yopita ku Blantyre.