Kusewera D&D ndi anzanu amene ali kutali

Gulu lathu linabalalika pang'onopang'ono. Wina anapita ku Joni kukasaka ntchito, wina ali ku Leeds ku Britain, awiri tinatsala ku Blantyre kuno. Koma Loweruka madzulo timakumanabe pa intaneti n'kusewera Dungeons & Dragons, masewera amene anayamba mu 1974. Mmodzi amakamba nthano, enawo amakhala anthu a m'nthanomo, ndipo madayisi ndiwo amagamula ngati mkondo walasa kapena waphonya. Wokamba nthanoyo amati DM (Dungeon Master), ndipo pagulu pathu ndine.

Yambani ndi mawu, zina zonse zibwere pambuyo. Tsegulani seva (malo a gulu lanu) pa Discord, pulogalamu yolankhulirana pa intaneti, ndi yaulere, muitanire anzanu. Makamera zimitsani. Inde, kuona nkhope ya mnzako akagwa m'dzenje la adani kumakoma, koma vidiyo imatha bandulo ngati chiswe, ndipo netiweki ikangofooka aliyense amamveka ngati akulankhulira m'chidebe. Yatsaninso Push to Talk, kuti maiki azitseguka pokhapokha munthu akadina batani. Ife tinaphunzira izi tsiku limene chinjoka changa cha m'nthano chinkabangula mochititsa mantha, galu wa aneba a mnzathu n'kuyamba kuchiyankha.

Za madayisi musadalire mawu a munthu. Mnzathu wina ankagubuduza lake kunyumba kwake, dayisi la mbali 20 la masewerawa, ndipo nthawi zonse ankati, "Aise, 18!" kapena "19!" Palibe anamutchula wabodza. Tinangoika Avrae, pulogalamu yogubuduza madayisi pa Discord, mu seva yathu. Ukalemba !r 1d20+5, imagubuduza yokha dayisi limodzi la mbali 20, n'kuwonjezera 5, yankho n'kuonekera kwa onse. Mwayi wa mkulu uja unathera pomwepo.

Mapu a malo a m'nthano ndiye amasokoneza oyamba kumene. Roll20, imene inayamba mu 2012, imatseguka pa intaneti osaika kalikonse pa kompyuta, ndipo ili ndi mapu, mapepala a osewera ndi madayisi pamodzi. Ndi yabwino ngati nonse muli ndi laputopu. Wa ku Joni uja amasewera pa foni, choncho tinasamukira ku Owlbear Rodeo, tsamba lina la mapu: ndimaika chithunzi cha phanga, ndimatumiza linki, aliyense n'kumakoka kachizindikiro kake ndi chala. Basi. Foundry VTT, pulogalamu inanso ya mapu, ndi yokongola, umagula kamodzi kokha, koma ukaiyendetsa pa kompyuta yako, magetsi akazima kwanu masewera azima kwa onse. Ine sindinaigule.

Ndipo si nthawi zonse pamafunika mapu. Osewera akamatsutsana mtengo ndi wogulitsa pamsika wa m'nthano, ndimangofotokoza fungo la nsomba ndi phokoso la anthu. Mapu ndimatulutsa nkhondo ikayamba.

Nthawi muigwirizane bwino. Malawi ndi Johannesburg wotchi ndi imodzi, koma ku Britain amasintha: kuyambira kumapeto kwa Malichi mpaka kumapeto kwa Okutobala amatsalira ndi ola limodzi, miyezi inayo ndi maola awiri. Tinaiwalapo, tinadikira wa ku Leeds ola lathunthu akudya nkhomaliro yochedwa osadziwa kanthu.

Foni ndi power bank zizikhala zodzaza masewera asanayambe. Tilinso ndi lamulo limodzi: wina akaduka pa netiweki, munthu wake wa m'nthano amangotsatira gulu mwakachetechete, samenya nkhondo ndipo safa. Wa ku Joni akabwerera amangofunsa, "Ndili moyo?" Timamuyankha kuti eya, koma wanyamula katundu wa gulu lonse.