Kuulutsa Kwaya Kapena Bandi pa Intaneti Kuchokera ku Chipata: Yambirani pa Mawu

Masiku ano kwaya ikamakhazikitsa chimbale mu holo ya tchalitchi ku Kapata kapena ku Mchini, omvera si okhawo amene akhala pa mabenchi. Achibale a ku Lusaka, ku Kitwe, ku Lilongwe ndi ku Johannesburg amakhala akudikira pa Facebook, ndipo kawirikawiri chimene amalandira ndi chithunzi chooneka bwino cha mayunifolomu ochapidwa, koma nyimbo yake ikumveka ngati ikuchokera mu mgolo. Munthu woonera pa foni amapirira chithunzi chosawala, koma mawu akamang'aluka sakhalitsa. Choncho amene akukonzekera kuulutsa mwambo wa nyimbo ayenera kuika ndalama zake zochepazo ndi nthawi yake pa mawu poyamba, za kamera zibwere pambuyo.

Vuto limayambira pa maikolofoni ya mu foni. Foni ikaikidwa kumbuyo kwa holo imatola chilichonse chimene chili pafupi nayo: ana olira, anthu onong'onezana, jenereta ya kuseri, mvula yogunda pa malata m'miyezi ya dzinja, ndiponso mawu obwerera kuchokera ku zipupa za simenti. Oimba, amene ali kutali kuposa zonsezi, amafika mochedwa ndi mosakanikirana. Njira yake ndi kutenga mawu ku mikisa, kumene mamaikolofoni onse ndi kiyibodi zimakumana. Musalumikize mikisa molunjika pa kabowo ka mahedifoni ka foni, chifukwa mphamvu yotuluka mu mikisa ndi yaikulu kwambiri kuposa imene kabowoko kanapangidwira, ndipo mawu amaphwanyika ngakhale mutatsitsa voliyumu. Pamafunika kabokosi kotchedwa audio interface, kamene kamalandira mawu a mikisa ndi kuwapereka ku foni kapena ku laputopu kudzera pa USB. Pa foni ya Android mudzafunanso kachingwe ka OTG, kolumikizira zida za USB ku foni, ndipo muyese kutatsala masiku angapo ngati foniyo ikuzindikira kabokosiko, popeza si foni iliyonse kapena pulogalamu iliyonse imene imavomera.

Apa pali chinthu chimene ambiri sachilingalira, ndipo ndi chimene chimasiyanitsa kuulutsa kwabwino ndi kosokonekera. Mawu amene woyendetsa mikisa amakonzera anthu a mu holo si oyenera kutumizidwa pa intaneti momwe alili. Mu holo ng'oma imadzimvekera yokha, choncho saiikira maikolofoni, kapena amaitsitsa kotheratu. Oimba makumi atatu akatsegula pakamwa amadzaza chipinda popanda thandizo lalikulu la masipika. Zimene zimakwezedwa mu mikisa ndi kiyibodi ndi wotsogolera nyimbo. Mukatenga mawu amenewo n'kuwatumiza kwa mbale wa ku Kitwe, iye adzamva munthu mmodzi akuimba ndi kiyibodi, kwaya ikumveka patalipatali, ng'oma ndi visekese zitasowa, pamene pa chithunzi akuona woimba ng'oma ali thukuta kamukamu.

Mikisa yambiri, ngakhale yaing'ono, ili ndi potulukira pena polembedwa AUX, ndipo chanelo chilichonse, ndiko kuti polowera maikolofoni kapena chida chimodzi, chili ndi kabatani kozungulira ka AUX kakekake. Pamenepo ndi pamene mumasakanizira mawu a pa intaneti mosakhudza a mu holo. Ikani maikolofoni pafupi ndi ng'oma ndipo muikweze pa AUX pokha. Kwaya iikireni mamaikolofoni awiri pa masitandi, mokwera pang'ono kupitirira mitu ya a mzere woyamba ndi kuloza ku mzere wapakati, kuti a besi ndi a tena amene amaima kumbuyo asamizidwe ndi a sopulano. Ngati mwatsala ndi maikolofoni ina, ilozetseni kwa anthu, motsitsa, kuti nthungululu ndi kuomba m'manja zifike kwa woonera, pakuti nyimbo ya tchalitchi yopanda mpingo woyankha imamveka youma. Zonsezi zimafuna munthu mmodzi amene ntchito yake ndi kumvetsera pa mahedifoni zimene zikupita ku foni, ndipo ine ndimaona kuti munthu ameneyu ndi wofunika kuposa kamera yachiwiri. Nthawi ndi nthawi atuluke panja akamvere pa foni ina monga mmene woonera akumvera, koma asatsegule foniyo pafupi ndi mamaikolofoni, chifukwa zoulutsidwa zimafika zitachedwa ndi masekondi angapo ndipo zikalowanso mu mikisa zimasokoneza zonse.

Poyesa mawu, uzani kwaya iimbe gawo limene imakweza kwambiri, osati vesi loyamba lofatsa. Mita yoonetsa kukwera kwa mawu pa pulogalamu yojambulira isafike pa 0 dB, popeza mawu a digito akadutsa pamenepo amaduka nsonga ndipo palibe pulogalamu imene ingawabwezeretse bwinobwino. Kufikira pa -6 dB pa malo okweza kwambiri n'kokwanira. Dziwaninso kuti holo ikadzaza oimba amatenga moto ndipo amakweza kuposa mmene anachitira poyesa.

Za malaiti sizifuna kufotokozera munthu wa kuno, makamaka amene anaona chaka cha 2024 pamene chilala chinatsitsa madzi a ku Kariba ndipo magetsi ankazima maola ambiri pa tsiku. Mikisa yaing'ono, foni ndi rauta sizidya moto wambiri, choncho ziikeni pa inivata ndi batire kuti zisazime pamene mukudzutsa jenereta. Zida zonse za mawu zitenge moto pa soketi imodzi, chifukwa kuzigawa pa masoketi osiyana kumabweretsa kulira kwa "mmm" kosalekeza. Kulirako kukayamba mutalumikiza laputopu, chotsani chaja muone ngati kukutha.

Netiweki iyesedwe pa malo omwewo ndi pa nthawi yomweyo imene mwambo udzachitike, chifukwa Chipata ndi mzinda wa m'mapiri ndipo pamene MTN ikugwira bwino mwina Airtel kapena Zamtel ikugwira mosiyana, mpingo ukadzaza ndi mafoni zinthu n'kusinthanso. Pa pulogalamu ya Speedtest muyang'ane liwiro lotumizira, osati lolandirira. Kanema wa 720p amafuna pafupifupi 3 Mbps, ndipo ndi bwino netiweki ikhale ikupereka kuwirikiza kawiri. Pa liwiro la 3 Mbps ola limodzi limadya pafupifupi 1.35 GB, kutanthauza kuti mwambo wa maola atatu ukufuna bandulo yoposa 4 GB, ndi ina yapadera pa simu yachiwiri. Amene ali cha ku Mwami asankhe netiweki pamanja mu foni, kuopa kuti ingalumphire pa ya ku Malawi mwambo uli mkati. Foni youlutsira isakhale imene anthu amaimbira tcheyamani wa kwaya.

Oimba ambiri a nyimbo zauzimu saimbanso ndi bandi koma ndi zida zojambulidwa kale mu situdiyo. Nyimbo zimenezi zikhale mu foni kapena mu fulashi, zitaikidwa mu ndondomeko ya mwambo, osati kuzifufuza pa YouTube anthu ali chete. Lumikizani ndi chingwe, chifukwa Bluetooth imachedwetsa mawu ndipo imaduka. Kuchedwa kwina kumachokera mu mpweya momwe: mawu amayenda pafupifupi mamita 343 pa sekondi, choncho woimba amene akutsatira sipika yoikidwa mamita 17 kutali amamva zida zitachedwa ndi gawo limodzi mwa magawo 20 a sekondi, ndipo zimenezi n'zokwanira kuti kwaya iyambe kukoka nyimbo. Sipika yaing'ono yoyang'ana kwa oimba, yoikidwa pansi patsogolo pawo, imathetsa vutoli. Maikolofoni isaloze ku sipikayo, apo ayi mudzamva kulira kobaya m'makutu kuja.

Pa nthawi yopuma kapena ya chopereka musaike nyimbo za anthu ena zojambulidwa kale. Facebook ndi YouTube zili ndi makina ozindikira nyimbo zimene eni ake anazilembetsa, ndipo zikazindikira zimatha kutseka mawu kapena kudula kanema yense.

Pamene mukuulutsa, jambulaninso mawu padera pa laputopu ndi pulogalamu yaulere ya Audacity, mu mtundu wa WAV, umene umatenga pafupifupi 10 MB pa mphindi imodzi, pamene MP3 wamba amatenga pafupifupi 1 MB chifukwa mbali ina ya mawu imatayidwa. MP3 ndi yotumizira anthu pa WhatsApp, WAV ndi yosunga, ndipo isungidwe malo awiri. Ngati mwajambula ku situdiyo, pemphani WAV yomalizidwa pamodzi ndi mafayilo a chida chilichonse payekhapayekha musanamalize kulipira. Audiomack ndi YouTube zimalola woimba kuika nyimbo yekha kwaulere, koma Spotify, imene inayamba kupezeka mu Zambia mu 2021, imalandira nyimbo kudzera mwa ogawa monga DistroKid, TuneCore kapena CD Baby, ndipo iwo amapereka nambala ya ISRC imene imazindikiritsa nyimbo iliyonse yojambulidwa. Musanafike pamenepo, kwaya ilembe pa pepala amene anapeka nyimbo iliyonse, amene anakonza zida ndi mwini wa chimbale, kaya ndi mpingo kaya ndi gulu, onse asainire, pakuti nkhani zimenezi zimakambika mosavuta ndalama zisanaoneke. Opeka nyimbo akalembetse ku ZAMCOPS, bungwe loona za umwini wa nyimbo mu Zambia. Tsamba la kwaya likhale ndi oyang'anira osachepera awiri, kuti wachinyamata amene analitsegula akasamukira ku Lusaka lisapite naye. Mukapereka nyimbo ku wailesi za kuno monga Breeze FM kapena Radio Maria, dzina la kwaya ndi la nyimbo zilembedwe pa fayilo penipeni.

Kujambula pa miyambo ya makolo kuli ndi malamulo ake amene sachokera ku makina. Pa Nc'wala ku Mtenguleni mu February, kapena pa Kulamba ku Mkaika ku Katete kumapeto kwa August, yambani mwapempha kwa okonza mwambo kuti akuonetseni poima. Gule Wamkulu, amene UNESCO inamuzindikira mu 2005, amajambulidwa pabwalo pokha ndi chilolezo cha akuluakulu, ndipo kamera siloza kudambwe kapena kumene gule akuchokera. Pabwalo palibe mikisa, choncho maikolofoni ivekedwe chotchinga mphepo cha ubweya ndipo iime pakati pa amayi oimba ndi ng'oma, mosendera kwa amayi, chifukwa mbalule imamveka ngakhale muli patali pamene mawu a nyimbo ndi amene amasowa msanga. Fumbi la August limalowa m'mabowo a zida, choncho kabokosi ka mawu ndi batire zikhale mu chikwama chotseka, zingwe zokha ndizo zitulukire kunja.