Magalasi a maso ofooka kwambiri: muyambire pati?

Achemwali, mwanena kuti maso anu ali pa -8.00 (muyezo wa minus, wosonyeza kuti mumavutika kwambiri kuona patali), ndipo magalasi anu ndi okhuthala, olemera, amatsetsereka mpaka kukusiyirani zipsera pamphuno. Pepani, koma zimenezi zimakonzeka.

Choyamba kayezetseninso maso, musadalire pepala lakale. Ngati m'thumba muli movuta, ku University of Johannesburg ku Doornfontein kuli kiliniki ya maso komwe ophunzira amayeza anthu moyang'aniridwa ndi aphunzitsi awo. Pepala la zotsatira mulitenge.

Kenako fulemu, ndipo nkhani yagona pamenepa. Galasi la minus limakhala lopyapyala pakati, n'kumanka likhuthala chakumphepete. Fulemu ikakula, kukhuthala konseko kumatsala. Ndiye sankhani yaing'ono, yozungulirako, yoti diso lanu likhale pakatikati pa galasi. Ine ndimakonda yapulasitiki chifukwa imabisa mphepete, koma ngati imakutsetserekani, tengani yokhala ndi timapilo tapamphuno toti angathe kutipinda. Zija zopanda mkombero zisiyeni.

Galasi lenilenilo funsani la high index, 1.67 kapena 1.74. N'lodula ndithu, koma lopyapyala.

Musalipire asanakuyezeni PD, mtunda wa pakati pa maso anu awiri, komanso pamene diso likugwera mutavala fulemuyo. Pa -8.00, mamilimita ochepa akaphonya mutu umawawa. N'chifukwa chake zogula pa intaneti sindikukulimbikitsani.

Tsiku lokatenga, avaleni pomwepo, weramani, pukusani mutu. Akatsika, auzeni apinde kuseri kwa makutu. Pakatha sabata ziwiri mukumvabe chizungulire, bwererani akaonenso.