Mukufuna kukhala loya wa kaunti ya kumudzi ku America? Yambani ndi lamulo la kumene mumakhala

Ku Malawi palibe amene amavotera wozenga milandu ya boma. Ku United States n'kosiyana. Zigawo zake zinagawidwa m'makaunti, omwe tingawayerekeze ndi maboma athu, ndipo m'zigawo zambiri anthu amasankha okha loya wa kaunti yawo. Iyeyu amazenga milandu, ndipo kumadera ang'onoang'ono amalangizanso khonsolo.

Kumidzi maloya ndi osowa. Bungwe la American Bar Association linapeza mu 2020 kuti makaunti 54 analibe loya ngakhale mmodzi, ndipo m'makaunti pafupifupi 1,300 maloya sankafika mmodzi pa anthu 1,000 alionse. Kwa ana athu amene aphunzira zamalamulo kumeneko, ntchito ilipo. Chimene chimagwetsa munthu ndi funso looneka laling'ono: mumagona kuti?

Choyamba, dziwani udindo weniweni umene mukuufuna. Ku Nebraska amati county attorney, ku South Dakota amati state's attorney. Ku New York wozenga milandu ndi district attorney ndipo amavoteredwa, pamene county attorney ndi mlangizi wochita kuikidwa. Mpando wovoteredwa kawirikawiri umafuna nzika ya dzikolo. Khothi Lalikulu linagamula mu 1973, pa mlandu wa Griffiths, kuti munthu yemwe si nzika asakanizidwe uloya, koma chigamulocho sichikupatsani mpando wa chisankho.

Chachiwiri, tsegulani lamulo la chigawocho muwerenge ndi maso anu, osadalira zakumva. Pano ndi pamene pagona nkhani yonse. Musangofunsa ngati muyenera kukhala m'kauntimo. Funsani kuti kuyambira liti.

Ku Texas, komwe kuli makaunti 254, lamulo la zisankho limati ofuna mpando akhale atakhala m'chigawomo miyezi 12, komanso miyezi isanu ndi umodzi m'dera limene akufuna kuliimira, tsiku lotseka kulembetsa lisanafike. Mukasamuka mochedwa ndi sabata imodzi, mwatsala. Ku Nebraska n'kofewerapo: mutha kulembetsa mukukhala kwina, koma mukapambana muyenera kusamukira m'kauntimo. Ndipo ngati kauntiyo ilibe tauni ya anthu oposa 5,000, lamulo likulolani kukhala m'kaunti yoyandikana nayo, bola ikhale ya mu Nebraska momwemo. Ku New York lamulo la Public Officers Law limaonanso za mtsogolo: wa udindo akasiya kukhala m'dera lake, mpando umatengedwa kuti ulibe munthu, kupatula kumene malamulo anapereka chilolezo chapadera.

Ine ndimaona kuti a ku Nebraska anaganiza bwino. N'zoona kuti wozenga milandu ayenera kudziwa anthu ake, kugula m'sitolo imodzi ndi iwo, kumva zimene zikuwawawa. Koma kumangirira lamulo pa malire a pamapu, pamene m'kauntimo mulibe loya, n'kusiya mayi wochitiridwa nkhanza akudikira mlandu umene palibe wouzenga. Loya wa m'kaunti yoyandikana amayenda msewu womwewo ndipo amadziwa mabanja omwewo.

Chachitatu, musasokonezeke ndi mlandu wa Piper. Mu 1985 Khothi Lalikulu linati New Hampshire singakanize laisensi ya uloya kwa mayi wina chifukwa choti ankakhala ku Vermont. Izi zikukhudza laisensi basi. Pa ntchito ya boma khothi lomwelo linali litanena kale mu 1976, pa mlandu wa McCarthy, kuti mzinda wa Philadelphia sunalakwe pochotsa wozimitsa moto amene anasamukira ku New Jersey. Choncho musamawerengere kuti mudzagonjetsa lamuloli kukhothi.

Chachinayi, ngati kusamuka n'kofunika, samukani zenizeni. Makhothi akamafufuza kwanu kwenikweni amaona kumene munalembetsa kuvota, keyala ya pa laisensi yoyendetsera galimoto, mapepala a msonkho, kumene banja lanu limagona ndi sukulu ya ana. Kuchita lendi kachipinda n'kuikamo matiresi, uku usiku ulionse mukubwerera kumzinda, n'kudzikumbira dzenje. Kumudzi aliyense amadziwa galimoto ya mnzake, ndipo amene mukupikisana naye adzakusumirani. Choopsa kwambiri n'chakuti loya akanama pa pepala lolumbirira, laisensi yake yomwe ili pachiswe. Sinthani mapepala onse mwezi womwe mwalowa m'nyumba, ndipo sungani kontrakiti ya lendi ndi malisiti a magetsi.

Chachisanu n'chachidule: lemberani mlembi wa kaunti kapena ofesi ya zisankho ya chigawo, akuuzeni tsiku lotseka kulembetsa, ndipo yankho likhale lolembedwa.

Nanga ngati simungathe kusamuka pakali pano? Funsani za njira yochita kuikidwa. Ku Nebraska, mpando ukasowa munthu, khonsolo ikhoza kutenga loya wa m'kaunti ina iliyonse ya m'chigawomo pa kontrakiti. Funsaninso za ntchito ya wachiwiri kwa loya wa kaunti, koma werengani lamulo lake padera chifukwa nthawi zina limasiyana ndi la bwana wake.

Ngati chokulepheretsani ndi ngongole ya sukulu, yang'anani ku South Dakota. Kuyambira 2013 chigawochi chimapereka ndalama zoposa $12,000 pachaka, kwa zaka zisanu, kwa loya amene wavomera kugwira ntchito m'kaunti ya anthu osapitirira 10,000. Ndalamazo amasonkherana nthambi ya makhothi, kauntiyo ndi bungwe la maloya, ndiye kambiranani ndi khonsolo ya kauntiyo musanatumize mafomu, chifukwa popanda gawo lawo mgwirizano sutheka.